Ndikakonza kuno, kuja kukuwonongeka

Aphungu,

Ndimakhala ku Biriwiri. Ndikupangira gulu la alimi a kachewere webusaiti pogwiritsa ntchito Django. Muli kaundula wa mamembala, matumba amene abweretsa, ndi malipiro, zonse pamodzi. Nditawonjezera mitengo ya metical kaamba ka ogula ochokera ku Mozambique, kaundula anasiya kutseguka. Kodi ndiyambirenso?

Mnyamata wa ku Biriwiri

Achimwene,

Musayambirenso ayi. Ntchitoyo ndi yabwino, changovuta n'chakuti mwaika nkhokwe, khitchini ndi khola pansi pa denga limodzi. Moto ukabuka kukhitchini, chimanga chipsera komweko.

Django, kuyambira pomwe inatuluka mu 2005, imalola kuti pulojekiti imodzi ikhale ndi ma app angapo, iliyonse ndi matebulo ake ndi ma URL ake. Gawani potsata ntchito, osati potsata masamba a webusaiti: app ya mamembala, ya katundu, ndi ya malipiro.

Yambani ndi ya malipiro, pakuti ndi imene idzasinthasintha. Airtel Money ili ndi njira yake yolumikizirana ndi mapulogalamu, Mpamba wa TNM uli ndi yakenso. Kumalire kwanuko mukugwira kwacha ndi metical tsiku limodzi, ndipo mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zotere zikachitikanso, mukonze malo amodzi basi. Thumba la kachewere lilembedwe mtengo mu kwacha, kusinthira ku metical kuzichitikira mu app ya malipiro yokha.

Samalani kuti ndani akudalira ndani. Malipiro azidziwa membala amene walipira, koma app ya mamembala isadziwe kanthu za malipiro. Ziwirizi zikayamba kuitanana, Python imatha kukana kuzitsegula, ndipo ndikuganiza kuti kuitanana kotereku n'kumene kunagwetsa kaundula wanu.

Anzanu ena akuuzani kuti app iliyonse ikhale pa seva yakeyake. Musamvere. Zimenezo zimathandiza makampani okhala ndi antchito ambiri. Inu muli nokha, ndalama ya seva ndi bandulo ikuchoka m'thumba la alimi. Seva imodzi ndi database imodzi zikukwanirani.

Musanagwire chilichonse, sungani zonse mu Git ndipo mukope database padera. Samutsani app imodzi, yesani, ikayenda bwino mupite ku ina. Chitani zimenezi nyengo yokumba kachewere isanafike, matumba asanayambe kuchuluka. Zikakuvutani posamutsa matebulo, mundilemberenso.