Lamba woyenda n'kuima: mafunso ndi mayankho kwa ogwira ntchito m'mashedi a ku Mashonaland

M'makomboni a mapulazi a ku Marondera, Goromonzi, Mazowe ndi Bindura Chinyanja chikumvekabe. Ambiri ndife zidzukulu za amene anachoka ku Nyasaland ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kudzalima fodya. Agogowo ankasankha fodya ndi manja okha. Lero m'mashedi ena olongedzera nsawawa, zitheba ndi mabuluberi opita ku Ulaya mwafika makina, ndipo makina akalakwitsa woyamba kukalipiridwa ndi amene waima pafupi. Kabukuka ndi ka iyeyo.

Kodi lamba ameneyu akusiyana pati ndi malamba ena?

Lamba wamba amangoyenda. Uyu amayenda mtunda woikika, mwachitsanzo mamilimita 300, n'kuima kuti kambale kathiridwe zipatso, kamatidwe chivindikiro kapena kaikidwe lebulo, kenako n'kuyendanso. Akaima mopitirira kapena mopereŵera, chivindikiro chimamata pambali, zipatso zimaphwanyika, ndipo wogula wa ku Amsterdam katundu wotero salandira.

Nanga amadziŵa bwanji poima?

Amakokedwa ndi mota ya servo. Kumbuyo kwa motayo kuli kachipangizo kotchedwa encoder kamene kamaŵerenga kuzungulira kwa shafuti n'kumauza bokosi loyendetsa motayo. Bokosilo limayerekezera pamene mota ili ndi pamene iyenera kukhala, n'kumakonza kambirimbiri pa sekondi imodzi. Encoder ya 17-bit imagaŵa kuzungulira kumodzi m'zigawo 131,072.

Ngati imaŵerenga bwino chotere, kambale kamaphonya bwanji malo?

Apa ndiye pagona nkhani. Mota imadziŵa pamene yokha yaima, koma za kambale sidziŵa. Pakati pa ziŵirizi pali giyabokosi, kapulingi, gudumu la mano ndi lamba kapena tcheni, ndipo chilichonse chimabako pang'ono.

Tiyeni tiŵerengere limodzi. Gudumu la mamilimita 100 m'mimba mwake likazungulira kamodzi, lamba amayenda pafupifupi mamilimita 314. Ndi giyabokosi ya 10:1, chigawo chimodzi cha encoder ija sichifika n'komwe pa 0.001 ya milimita. Koma mano a giyabokosi akakhala ndi mpata wa 10 arcminutes (kachigawo chabe ka digiri imodzi), lamba amatha kuseŵera mamilimita 0.15. Oyenda panjinga amaudziŵa mpata umenewu: tcheni ikakhwepa, pedulo imayamba yapita kaye gudumu lisanasunthe. Tcheni ikatha ndi kutalika ndi 1 peresenti yokha, pa mamilimita 300 aja pawonjezeka atatu. Choncho makaniki amene amathamangira kusintha manambala pa sikirini asanagwire tcheni ndi dzanja wayambira kumchira.

M'maŵa makina amayenda bwino, masana n'kuyamba kuphonya. Kodi alodzedwa?

Ayi, n'kutentha. Chitsulo chimatalika pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera ndi digiri imodzi. Tcheni ya mamita 5, m'shedi yamalata momwe kutentha kwakwera ndi madigiri 15, yatalika pafupifupi milimita yathunthu. Amene amadziŵa chisanu cha m'maŵa wa June ku Marondera ndi dzuŵa la masana ake sangadabwe. Malamba apulasitiki amatalika kuposa pamenepo. Makina azikonzedwa atayenda kaye n'kufunda.

Nanga kuphonya kumene kumakulirakulira tsiku likamapita?

Kumeneko n'kwina. Ngati woika makina anadulako nambala polemba kukula kwa gudumu, kapena lamba wopanda mano akuterereka pang'ono, cholakwa chimaunjikana. Mamilimita 0.05 pa ulendo umodzi diso silingaone. Koma pa maulendo 40 pa mphindi, ola likamatha lamba wasokera ndi mamilimita 120. Mankhwala ake ndi lamba wa mano, ndiponso sensa yoona chizindikiro cha pa lamba kapena m'mphepete mwa kambale, kuti makina azidzikonza ulendo uliwonse. Sensayo imadana ndi fumbi ndi nthunzi ya katundu wochokera m'chipinda chozizira. Kansalu koyera kathetsa mavuto ambiri amene anthu amaitanira katswiri wa ku Harare.

Magetsi a ZESA akathima n'kubwera, bwanji makina amayenda okha pang'onopang'ono?

Akufunafuna poyambira. Encoder ya mtundu wa incremental imaiŵala malo magetsi akathima, ndiye lamba amayenda mpaka apeze sensa ya poyambira. Ya absolute imakumbukira, ngakhale zina zimadalira kabatire kamene kamatha. Madzi akachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, monga zinalili kumapeto kwa 2022, magetsi amathima maola ambiri ndipo kusinthira ku jenereta kumakhala kwa tsiku ndi tsiku. Chotsani timbale tonse pa lamba musanayatsenso, ndipo manja akhale kutali, chifukwa servo imanyamuka yosachenjeza.

Foromani akufuna tiwonjezere liŵiro. Pali vuto?

Lilipo. Lamba akaima mwadzidzidzi amanjenjemera kaye asanakhazikike, ndipo chomatira chikatsika nthaŵi imeneyo chimaphonya. Mabuluberi, poti ndi obulungira, amadumpha m'kambale ka magalamu 125 n'kumwazika pansi. Bokosi loyendetsa mota lingathe kuikidwa kuti lamba azinyamuka ndi kuima mofeŵa, koma zimenezo zili ndi malire. Kwa ine, timbale 35 tabwino pa mphindi tiposa 45 tobwezedwa, ndipo foromani wanzeru amaŵerenga makatoni okwera lole, osati liŵiro la lamba.

Ine si makaniki. Ndingachitepo chiyani?

Matani tepi pa chitsulo cha m'mbali mwa lamba, mulembe mzere pamene kambale kayenera kuima. Onani maulendo 20 motsatizana. Ngati kakuima malo amodzimodzi koma olakwika, vuto ndi laling'ono, n'kungosuntha nambala. Ngati pena kakupitirira, pena kakupereŵera, china chake chakhwepa kapena chatha. Ngati kakusunthira mbali imodzi, ndi kuunjikana kuja. Lembani nthaŵi ndi zimene mwaona, mum'patse makaniki. Pofuna kugwira tcheni kapena kupukuta pansi pa lamba, thimitsani pa switchi yaikulu, muikepo loko, kiyi akhale m'thumba mwanu.