Chomera Chosafuna Dothi

Tonse timachidziwa chinanazi. Chili ndi m'bale wake, dzina lake Tillandsia. Kwawo ndi ku America, kumayiko monga Mexico. Chomerachi anthu amachisunga m'nyumba kuti mukongole.

Sichifuna dothi ayi. Mizu yake ndi yogwirira pamtengo basi. Madzi chimamwera m'masamba.

Tichisamale bwanji?

Tichiike pafupi ndi zenera, powala koma posawomba dzuwa kwambiri.

Kamodzi pamlungu tichiviike m'madzi a mvula kwa mphindi 20.

Tikachivuula, tichikutumule, tichizondotse mpaka chiume. Tisaiwale, anzanga: madzi akatsalira pakati pa masamba, chimawola.

Chikachita maluwa chimabala ana m'mbali, ngati chinanazi. Mayi amauma pang'onopang'ono, ana n'kutsala.

Tiyeni tikambirane: n'chifukwa chiyani timachizondotsa?