Kuphunzitsa za Mitsempha ya Magazi ya Thumbo Lomaliza

Pophunzitsa za kagayidwe ka chakudya, ambiri a ife timalekezera pa matumbo aakulu, kuopa kuti ana angaseke. Potero timaŵamana phunziro lokhudza moyo wawo. Tiyeni titchule chiŵalochi mwaulemu koma mosabisa: thumbo lomaliza, limene madokotala amati rectum, lotalika masentimita 12 mpaka 15.

Tilijambule pabolodi ndi choko choyera, mitsempha yobweretsa magazi ndi chofiira, ndipo yochotsa magazi ndi chobiriŵira. Yobweretsa ili m'magulu atatu. Wam'mwamba, umene uli waukulu, umachokera ku inferior mesenteric. Yapakati ndi yam'munsi gwero lake ndi internal iliac, mtsempha wa m'chiuno. Mainaŵa ngathu aphunzitsi, ana tisaŵaloŵeze.

Pofunika kuchedwapo ndi pa kabwereredwe ka magazi, popeza njira zake nziŵiri. Magazi a chigawo cham'mwamba amakwera nakaloŵa mu portal vein, ndipo amadzera m'chiŵindi asanafike kumtima. A chigawo cham'munsi amalambalala chiŵindi, naloŵa mu inferior vena cava.

Nanga izi zili ndi ntchito yanji kwa mwana wakumudzi? Nyongolotsi za likodzo la m'matumbo, Schistosoma mansoni, zimakhala m'mitsempha ya njira yoyambayo. Mazira ake ena amatengedwa ndi magazi nakatsakamira m'chiŵindi, chimene chimalimba m'kupita kwa zaka. Ena amatuluka ndi chimbudzi, nthaŵi zina chosakanikirana ndi magazi.

Muvi woloza ulendo wa mazirawo aujambule mwana, osati ife. Akatha timufunse kumene mazira otulukawo amapita ngati wodwalayo wadzithandizira kumtsinje kumene anzake amasamba.