Pulogalamu yanu siyenda yokha

Ana anga a ku Hauna, inu amene mwayamba kulemba mapulogalamu a pafoni, tcherani khutu. Pulogalamu yanu idzalankhulana ndi ina, yolembedwa ndi munthu amene simudzaonana naye. Chokugwirizanitsani ndi protocol, malamulo a kalankhulidwe kawo. Alembeni molimba. Ndati molimba.

Mu 1980 Jon Postel, mmodzi mwa omanga intaneti, analangiza kuti potumiza uthenga uzisamala kwambiri, koma polandira uzilolera. Malangizowo anathandiza intaneti kukula. Ine ndinatolapo kulolera kokha.

Ndinalemba pulogalamu yosunga makilo a tiyi amene alimi ang'onoang'ono a m'chigwa cha Honde amabweretsa pa sikelo. Nambala ya foni ndinati aliyense alembe mmene wafunira. Kalaliki wina ankayamba ndi 0, wina 263, wina +263. Yanga inkameza zonse. Ya mnzanga, yowerengera malipiro, inaona mlimi mmodzi ngati anthu atatu. Mayi wina, wothyola tiyi kuyambira m'bandakucha, mame atamunyowetsa mpaka m'chiuno, analandira ndalama zosakwana. Anangondiyang'ana. Ndinachezera usiku kukonza mabuku, ndipo ntchito yotsatira inapita kwa wina. Zinandiwawa, koma amene anavutika kwambiri ndi mayi uja. M'mera mpoyamba, ana anga.

Sindikuti mutseke zitseko zonse. Mafoni ndi osiyana; wina ali ndi Android, agogo anu akadali pa kafoni ka mabatani koimbira *151# ya EcoCash. Maonekedwe asiyane, mtundu usiyane, chiyankhulo chisiyane. Koma nambala, tsiku ndi ndalama zikhale ndi kalembedwe kamodzi. 03/04 kuno ndi 3 Epulo, ku America ndi 4 Malichi. ISO 8601 inathetsa mkanganowo: chaka, mwezi, kenaka tsiku. Tsatani pamenepo.

Werenganinso RFC 2119 ya Scott Bradner, ya mu 1997. Imasiyanitsa MUST, SHOULD ndi MAY: chokakamiza, choyenera, ndi cholola. Pa mzere uliwonse sankhani chimodzi. Mukasiya osanena, wina adzasankha m'malo mwanu.

Ndipo yesani. Safunsa anadya phula. SMS imanyamula zilembo 160, koma mukalembamo ŵ wa m'dzina la Malaŵi, malire amatsikira pa 70, uthenga wautali n'kugawika, mtengo n'kukwera. Izi simungazione pa kompyuta yanu. Tengani mafoni osiyana, tumizani uthenga wolakwika dala, muone ngati pulogalamu ikuukana ndi kunena chifukwa chake. Ikaulandira mwakachetechete, bwererani mukakonze musanapite nayo ku sikelo.