Phunziro la Sabata Ino: Zimene Tudoyo twa M'madzi Tukutiuza

Mvula ikayamba mu Novembala, madzi amadzaza ngalande, maenje a mumsewu ndi matayala akale kuseri kwa nyumba. M'madzi amenewo muli moyo. Sabata ino tiphunzire za tudoyo tumene tukhala m'madzi, chifukwa tumakhudza thanzi la ana anu.

1. Twa m'madzi othamanga

Mu mtsinje woyera, mukanyamula mwala ndi kuutembenuza, mudzaona tudoyo tophwatalala tutakakamira pansi pake. Thupi lophwatalala ndi zikhadabo ndizo zimatuthandiza kuti madzi asatukokolole. Twina tumatulutsa ulusi pakamwa n'kumanga kanyumba ka mchenga ndi tizidutswa ta masamba, kumene tumayenda nako. Tudoyo tumenetu sitituluka pamwamba kukapuma. Tuli ndi tinthu tonga timasamba m'mbali mwa mimba, tokokera mpweya umene uli m'madzi momwemo. Madzi othamanga ndi ozizira amakhala ndi mpweya wambiri. Mukalowa zonyansa, mpweya umachepa, ndipo tumenetu ndito tumayamba kufa.

2. Tombolombo

Tombolombo amene muona akuuluka, ubwana wake wonse amathera m'madzi. Mwana wake amapuma pokoka madzi kumatako n'kuwatulutsa, ndipo akawatulutsa mwamphamvu amathamanga ngati waponyedwa. Ali ndi chibwano chopindika chimene amachiponya kutsogolo pogwira chakudya. Mwa zimene amadya muli mphutsi za udzudzu. Uyu ndi mnzanu, uzani ana asamamuphe.

3. Twa m'madzi akuda

M'matope a ngalande mumapezeka timphutsi tofiira ngati magazi. Kufiirako n'chifukwa cha chinthu chogwira mpweya, chofanana ndi cha m'magazi athu, ndiye timapirira pomwe tinzake tafa. Mukapeza tofiira tokhatokha, dziwani kuti madziwo aonongeka. Ku South Africa akatswiri ali ndi njira yotchedwa SASS, yopimira thanzi la mtsinje poona mitundu ya tudoyo tumene tulimo.

4. Udzudzu

Manje apa mvetserani bwino. Mphutsi ya udzudzu sidalira mpweya wa m'madzi, imapuma wa pamwamba. Mtundu wa Culex, wokonda madzi a zonyansa, mphutsi yake imalendewera mutu pansi, kapaipi kake kopumira katatulukira pamwamba. Mtundu wa Anopheles, umene upatsa malungo, ulibe kapaipi. Mphutsi yake imagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi, ndipo imakonda zithaphwi zooneka bwino zoombedwa dzuwa. Choncho musati madzi poti ndi oyera mulibe vuto.

Nyengo yotentha, kuchoka pa dzira kufika pa udzudzu wouluka pamatenga sabata imodzi kapena ziwiri chabe. Wamkazi ndiye amaluma. Mu 1897 dokotala Ronald Ross anapeza kachilombo ka malungo m'mimba mwa udzudzu, ndipo kuyambira pamenepo anthu anadziwa kuti nkhondo ya malungo imayambira pa chithaphwi.

Nanga ife zitikhudza bwanji?

Zimene titaya m'ngalande za kuno zimatsikira ku mtsinje wa Chunga. Chunga amathira mu Mwembeshi, Mwembeshi mu Kafue, ndipo gawo la madzi a m'mipope ya Lusaka limachokera ku Kafue komweko. Matewera, mapulasitiki ndi mafuta a galimoto zikatseka ngalande, madzi amaima. Tudoyo tofuna madzi oyenda tumatha, malo n'kutsalira udzudzu.

Chitani izi sabata ino:

Khuthulani madzi m'matayala, m'zitini ndi m'mabakete akale kamodzi pa sabata. Mphutsi sizikhala ndi nthawi yoti zikule.
Vundikirani madilamu osungira madzi.
Kwirirani maenje a pabwalo ndi dothi.
Gwirizanani ndi oyandikana nawo, mutsegule ngalande ya mumzere wanu.
Ana asasewere m'madzi a m'ngalande.
Gonani mu neti usiku uliwonse, makamaka ana ndi amayi apakati.
Mwana akatentha thupi, pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo akapimidwe.

Tumizirani uthengawu mnzanu amene mukhala naye pa yadi imodzi. Sabata yabwino kwa inu nonse.