PHUNZIRO LA PANYUMBA: KUSUNGA KUFUNDA NDI KUTURUTSA UTSI

Pa miyezi ya Juni ndi Julayi, kumidzi ya ku Chipata ndi Katete, cisanu cilowa m'nyumba usiku, ndipo ana agona alikunjenjemera. Pofika Okutobala nyumba yomweyo isanduka ng'anjo. Ambiri ayesa kuti mankhwala a cisanu ndiwo nkhuni zambiri. Koma nyumba yosasunga kufunda iri ngati mtsuko wobooka, umene sudzala ngakhale muthiremo madzi tsiku lonse.

1. Kumene kufunda kuthawira. Mpweya wotentha ukwera m'mwamba. Cifukwa cace kufunda kwambiri kuturukira padenga. Udzu wofolera usunga mpweya pakati pace, ndipo mpweya wokhazikikawo sulola kutentha kupyola msanga. Malata satero: atentha msanga ndi dzuwa, nazizira msanga usiku. Tsono mwini nyumba ya malata apacike mphasa za bango kunsi kwa denga, nasiye mpata pakati pa mphasazo ndi malata. Apakenso malatawo utoto woyera kuti abweze dzuwa la masana. Ming'alu ya m'zipupa aimate ndi dothi.

2. Njira ya utsi. Nyumba yosunga kufunda isunganso utsi. Moto wa pa mafuwa atatu umwaza kutentha kwace mbali zonse, numaliza nkhuni, ndipo utsi wace udwalitsa maso ndi zifuwa za amai ndi ana. Citofu coumba ndi dothi kapena njerwa cisonkhanitsa moto pansi pa mphika, ndipo cumuni cace citurutsa utsi kunja. Cumunico cipitirire msonga ya denga ndi masentimita 60, cisakhudze udzu kapena mtengo uliwonse. Cotsani mwaye kawirikawiri, pakuti mwaye wocuruka utseka njira ya utsi, ndipo ukhoza kuyaka.

3. Coopsa ca mbaula. Abale, apa mpofunika kumvetsa. Makala oyaka aturutsa mpweya wakupha, dzina lace carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, ulibenso pfungo, ndipo uturukabe ngakhale makala atafiira osafuka utsi. Woupuma amva mutu kuwawa, cizungulire, mseru ndi kufooka. Koma wogona sadziwa kanthu, angofera m'tulo. Potero musagone ndi mbaula m'nyumba. Othani madzulo zenera liri lotsegula, nimuiturutse musanagone. Usiku wonse zopfunda ndi denga labwino zikufunditseni. Mukapeza munthu wakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani citseko, mumturutsire panja, nimuthamange naye kucipatala.

Nchito izi zicitike mwezi wa Meyi, bango litakhwima ndi cisanu cisanafike.

Mafunso
(a) Cifukwa ninji nyumba ya udzu ifunda koposa ya malata?
(b) Utsi wa m'nyumba mwanu uturukira pati?
(c) Mudzamuuza ciani mnansi wanu amene agona ndi mbaula?