Mtedza wa Pecan ndi Nshawa Zathu

Alimi, lero tiphunzire za mtedza wa mumtengo wochedwa pecan. Kwao kwa mtengo umenewu ndi ku America ndi ku Mexico, ndipo masiku ano alimi a ku South Africa aulima kwambiri. Mtengowo utenga zaka 6 kufikira 10 usanayambe kubala bwino.

Ubwino wace waukulu uli m'mafuta. Pa magalamu 100 a pecan wosenda, pafupifupi 72 ndi mafuta. Ambiri a mafutawo ndi a mtundu wabwino ku mtima, ndipo apatsa mphamvu munthu wogwira nchito yolimba. Mulinso vitamini B1 ndi zinc. Koma cakudya comanga thupi, cimene madokotala acicha protein, cili magalamu 9 cabe.

Tsopano yang'anani nshawa za m'munda mwanu. Pa magalamu 100, mafuta ali 49, koma comanga thupi cifika 26, ndiko kunena pafupifupi katatu ca m'pecan. Ici ndico cimene mwana wongoleka kuyamwa acifuna kwambiri. Akamadya phala loyera lokha, sakula bwino ndipo adwala kawirikawiri.

Cifukwa cace musadandaule kuti pecan mulibe. Mukakolola, musagulitse nshawa zonse, koma yambani mwapatula za pa nyumba. Ziumitseni bwino ndi kuzisunga zosasenda. Zacuku tayani, pakuti cuku ciononga ciwindi. Inu amai, thirani nsinjiro m'phala la ana masiku onse, ndipo tenderani ndiwo zamasamba.